Lamulo la Makilo Anayi

"Msika wa alendowo ndiugwaditsa ine," anatero Olemekezeka a Kankhwani, Nduna ya Zolembetsa, Malipoti ndi Zidindo mu ufumu wa Mawamawa. "Udzabwera kuno chokwawa, mabuku ake ali pamutu. Ukalephera, utseke pakamwa. Ine ndikanena chinthu, ngakhale mvula imayamba yafunsa."

Ankauza atolankhani awiri ndi dalaivala wawo, ataima pakati pa msika wa Tinenepo, komwe anabwera kudzatsegulira chimbudzi chimene anachitsegulira kale chaka chatha. Mayi Felesiya Nankhoma, omwe pamsikapo ankangowatchula kuti Anankhoma, anali kuseri kwa benchi lawo akupeta nandolo, ndipo mawuwo anawamva onse. Wogulitsa nandolo sayankha nduna.

Koma dzuwa litangofika paliwombo, mafoni a amalonda analira onse pamodzi, kulira kuja kokhala ngati kwa nkhanga. Umenewo unali uthenga wa mitengo wochokera ku msika wa alendo womwewo, ndipo unkafika kwa okhawo amene ali ndi malonda kumeneko. Foni ya Anankhoma inalira m'chikwama. Nkhanga ina inalira m'thumba la jekete la Olemekezeka.

Olemekezeka anatsokomola kwambiri, nalamula kuti fumbi la pamsikapo lifufuzidwe. Anankhoma anapitiriza kupeta.

Kuti nkhani imveke, tiyambe ndi nandoloyo. Mu ufumu wa Mawamawa munthu ali ndi ufulu wogulitsa zokolola zake kwa aliyense amene wafuna, bola akhale mlamu wa Mfumu. Mlamuyo ndiye yekha anali ndi chiphaso chogula matumba ambiri, ndipo sikelo yake inali yaulemu kwambiri: ikaona thumba la munthu wosauka inkachita manyazi n'kutsitsa maso. Mtengo ankaulengeza anthu atakolola kale, nandolo ali m'nyumba, anankafumbwe atayamba kupatsana moni.

Ndiye kunatulukira Msika wa Zam'tsogolo wa ku Tsidyalija, dziko loyandikana nalo. Msikawu unalibe mabenchi, unalibe ntchentche, unali mu foni basi. Ntchito yake inali yogwirizanitsa mtengo mbewu zisanakololedwe. Wogulitsa amalonjeza mu Disembala kuti mu Ogasiti adzapereka matumba akutiakuti pa mtengo wakutiwakuti. Wogula amalonjeza kuti adzalipira mtengo womwewo, kaya zinthu zikwere kaya zitsike. Awiriwo sadziwana, msika umawatchula ndi manambala.

Anankhoma anagulitsa matumba makumi anayi, thumba lililonse makobidi mazana asanu. Awoawo anali asanu ndi anayi okha. Enawo anali a amayi khumi ndi mmodzi a kwawo, amene anawanyengerera mpaka kummero kuuma.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Anankhoma," anatero Anangozo tsiku limenelo, mayi amene sanakhulupirirepo chinthu chilichonse chopanda fungo. "Inu mukugulitsa nandolo amene sanamere kwa munthu amene simunamuone."

"Mtengowo ukapanda kubwera," Anankhoma anayankha, "mudzagawane benchi langa ndi sikelo yanga. Ine ndikagwire ganyu."

Ananena zimenezi pamaso pa amayi onse ndi mkulu wa mpingo, ndipo mawu otere sabwerera mkamwa.

Chaka chimenecho wolosera zanyengo wa kunyumba yachifumu anauza nduna mwachinsinsi kuti kukhala chilala. Mvula inamva zimenezo n'kugwa bwino kuposa zaka khumi zapitazo. Nandolo anabereka mpaka nthambi kuthyoka, ndipo mlamu wa Mfumu anayamba kunong'ona za makobidi mazana awiri. Aliyense amene analonjeza kugula pa mazana asanu, kaya ndi ndani, kaya ali kuti, sankaona tulo.

M'sabata ya boza la fumbi lija, bwalo la nduna linakumana.

Ku Mawamawa kuli mwambo umene alendo amachedwa kuumvetsa: lamulo saliwerenga, amaliyesa pa sikelo. Anauyambitsa ndi Mfumu Ndakhuta Woyamba, amene anati mawu amanama koma kulemera sikunama. Chikalata chosafika makilo awiri amachitcha maganizo chabe. Malipoti nawonso amayesedwa, n'kuikidwa m'chipinda chimene chiswe chokha ndicho chimadziwa zamkati mwake.

A Kankhwani analemba tsamba limodzi la lamulo latsopano ndi dzanja lawo. Zotsalazo anauza kalaliki wawo, a Jekapu, kuti akapeze. A Jekapu, bambo wa imvi amene anakhala mu ofesiyo zaka makumi awiri ndi zitatu osakwezedwa, anakopera malamulo a maiko ena okhudza misika yotere, tsamba ndi tsamba, mpaka mulu unafika m'chiuno mwa tebulo.

"Mwini dziko," a Kankhwani anayamba, atagwada bondo limodzi pamaso pa Mfumu Ndakhuta Wachitatu, "alendo akudya anthu anu kudzera mu foni. Lamulo ili likuti msika uliwonse wakunja wofuna kuchita malonda ndi nzika zathu ubwere udzalembetse. Ukhale ndi malo ake m'dziko muno, ndi chitseko chake choti apolisi azigogodapo. Ukalembetsa, upereke lipoti la maina a onse ochita nawo malonda, ndipo ine mwini ndidzamatula lipotilo ndi kuwerenga mainawo pamsika, pamaso panu, kuti ogulitsa dziko adziwike. Kufikira utalembetsa, mapangano ake onse ayime."

Mfumu inatsegula diso limodzi. "Likulemera bwanji?"

"Makilo anayi, Mwini dziko."

"Lija loletsa njala linali makilo atatu okha," inatero Mfumu. "N'chifukwa chake njala sinamve."

Nduna ina yokalamba inafunsa kuti msika wokhala mu foni ungakhale bwanji ndi chitseko.

"Limenelo ndi vuto la msikawo," anatero a Kankhwani, ndipo bwalo lonse linaomba m'manja.

M'mawa mwake nkhanga zinaleka kulira. Masana anafika, mafoni ali zii. Mwezi wa Julayi unali utangoyamba, matumba makumi anayi ali m'nyumba mwa Anankhoma mpaka kudenga, amuna awo akugona chopinda miyendo. Amayi aja anayamba kudutsa pabenchi mmodzimmodzi, aliyense ndi moni wautali.

"Benchi lanuli ndi la mlombwa, eti?" anafunsa Anangozo, akuligogoda ndi chala. "Ayi, ndikungofunsa. Nanga sikeloyi ili ndi miyala yake yonse?"

"Ogasiti sanafike, mayi."

"Sanafikedi. Komatu mlamu wa Mfumu akuti sabata yamawa atsitsanso. Ine ana anga sadya mapangano."

Wogulitsa tomato wapafupi anati boma lachita bwino kuteteza anthu, poti kale ankaberedwa ndi anthu osawadziwa, tsopano aziberedwa ndi odziwana nawo, ndipo maliro ake azikhala ophweka kuyendetsa.

Lamulolo linasindikizidwa mabuku chikwi ku makina a mkazi wa nduna. Palibe anabwera kudzatenga ngakhale limodzi. Patapita masabata awiri a Jekapu anayamba kuwagulitsa pa kilo kwa amayi apamsika, okulungira malonda, poti malipiro awo anali atachedwa miyezi itatu ndipo pepalalo linali lolimba bwino. Anankhoma anagula buku lathunthu. Iwo anali ndi chizolowezi chimodzi chimene amuna awo ankachitcha matenda: pepala lililonse asanakulungire nandolo ankayamba aliwerenga. Makasitomala anali ochepa, masamba anali ambiri. Motero Mayi Felesiya Nankhoma, a sitandade eyiti, anakhala munthu woyamba mu ufumu wa Mawamawa kuwerenga lamulo.

Pa tsamba 173 anasiya kutafuna chinangwa. Tsambalo linkati msika wakunja sukakamizidwa kumanga nyumba: ukhoza kulembetsa pa malo a malonda a nzika iliyonse imene yavomera kuuimira ngati nkhoswe, ndipo kalaliki wolandira chikalata cholembetsera adinde tsiku lomwelo. Anatembenuza. Tsamba 174 analiwerenga kawiri, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika m'chikwama pamodzi ndi foni. Kenako anayang'ana benchi lawo. Benchilo linali chitseko chakale cha nyumba ya malemu bambo awo, chogonekedwa pa miyendo inayi, mahinjesi ake akadalipo.

M'mawa anakwera basi mpaka kumalire, komwe foni inkagwira ya ku Tsidyalija, n'kuimbira eni msika wa alendo uja.

Patapita masiku atatu kunafika bambo wowonda, wa nsapato zafumbi, dzina lake a Likagwa, atakolekera chikwama paphewa.

"Msika wanuwo uli kuti, bambo?" anafunsa Anankhoma.

"Ndi uno, mayi," anatero a Likagwa, akusisita chikwamacho. "Wina watsala kwathu m'makina."

"Ndinkayesa waukulu."

"Aliyense amatero. Maloya athu anati lamulo lanuli silingatheke. Anawerenga tsamba loyamba n'kulefuka."

"Ophunzira amafulumira," anatero Anankhoma. "Tiyeni."

Ku ofesi ya Zolembetsa anapeza a Jekapu okha. Olemekezeka anali ku hotela ya kuphiri, sabata yachiwiri, akuphunzitsa akuluakulu a boma za lamulo latsopano. Anankhoma anayala tsamba 173 patebulo. A Jekapu anavala magalasi, nawerenga mpaka pansi, milomo ikuyenda.

"Zoonadi, ndinakopera ndine," anatero. "Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili muno, mayi, ndinu oyamba kundiuza zimene ndinalemba. Chitseko chilipo?"

"Cha mlombwa. Apolisi akhoza kugogoda, angosamala nandolo."

A Jekapu anaika chikalata cha a Likagwa pa sikelo. Chinali masamba anayi. Muvi sunagwedezeke n'komwe.

"Awa ndi maganizo chabe," anatero mwachisoni. "Sindingadinde."

Anankhoma anatsegula dengu, natulutsa zotsala za buku la lamulo lija, masamba ena ali ndi madontho a mafuta, n'kuziunjika pansi pa masamba anayiwo. Muvi unayenda, n'kuima pa makilo awiri ndi theka.

"Mwalemba mozama," anatero a Jekapu, nauzira mpweya pa chidindo.

Nkhani inafika kunyumba yachifumu Olemekezeka asanatsike phiri. Mfumu inakondwa kwambiri kumva kuti alendo agwada monga nduna yake inalonjezera. Inalamula kuti tsiku loyamba la Ogasiti likhale la tchuthi, matenti amangidwe pa msika wa Tinenepo, ana asukulu adzayimbe, ndipo a Kankhwani adzavekedwe mendulo akatha kuwerenga maina. Tsiku loyamba la Ogasiti ndilo linalinso tsiku lokhwima mapangano, koma zimenezo ankazidziwa ndi ochita malonda okha.

Tsikulo anthu anadzaza mpaka pamwamba pa chimbudzi chotsegulidwa kawiri chija. Mfumu inakhala pa mpando wake, mlamu wake ali pambali. Amayi khumi ndi mmodzi anakhala pamatumba makumi anayi amene Anankhoma anawabweretsa pa ngolo mbandakucha. Anangozo anakhala kufupi ndi sikelo, dzanja lili pamwamba pake ngati pa mutu wa mwana wawo.

Anankhoma anaona Olemekezeka akukokera a Likagwa kuseri kwa tenti, ndipo poti benchi lawo tsopano linali likulu la msika wa alendo, anali ndi ufulu woima pafupi.

"Wogula akakhala kampani, mumangolemba dzina la kampaniyo, si choncho?" ananong'ona Olemekezeka.

"Tatsata lamulo lanu, Olemekezeka," anatero a Likagwa. "Tsamba lililonse."

Olemekezeka anapuma mpweya wautali, nakonza tayi, nakwera pa nsanja akumwetulira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Analankhula ola lathunthu. Anati mbiri idzawakumbukira. Anati iwo sagona chifukwa choganizira alimi, ndipo apa Anankhoma anavomereza ndi mutu, poti theka lake linali loona. Kenako anamatula envelopu, naonetsa anthu kuti palibe anaitsegulapo, n'kuyandikira chimkuzamawu.

"Pangano loyamba. Wogulitsa, Felesiya Nankhoma, matumba makumi anayi. Imirirani, mayi, anthu akuoneni. Awa ndiwo amatenga thukuta la dziko lino kukapatsa alendo."

Anankhoma anaimirira, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Tione tsono mlendo amene anawagula. Wogula, kampani ya Manja Oyera, mwini wake..."

Chimkuzamawu chinapitiriza ntchito yake mokhulupirika. Msika wonse unamva munthu akupuma.

"Mwini wake ndani?" inafunsa Mfumu.

"Inki yafufutika, Mwini dziko. Alendowa inki yawo ndi yachabe. Ndipotu dzina la mwini kampani silofunika m'lipoti."

Anankhoma anagwada pomwe anaimapo, natulutsa pepala lopindidwa lija. "Pepani, Mwini dziko, ine ndine nkhoswe chabe. Koma tsamba 174 la lamulo la Olemekezeka likuti kampani ikagula, lipoti litchule munthu weniweni amene ali kuseri kwake, dzina ndi mudzi. Mwina ndawerenga molakwa. Sukulu ndinalekeza panjira."

Mfumu inayang'ana mayiyo kwa nthawi, monga munthu amayang'anira nkhuku yoyenda chambuyo. "Mwawerenga lamulo?"

"Makasitomala anali ochepa, Mwini dziko."

"Jekapu, maso ako ndi a magalasi. Tawerenga."

A Jekapu anakwera pa nsanja pang'onopang'ono, nalandira lipotilo m'manja mwa bwana wawo ndi manja awiri, mwaulemu wonse. "Inki ili bwino, Mwini dziko. Mwini wake, Bizaliyele Kankhwani, wa m'mudzi mwa Ndisungireni." Anatsitsa chala. "Pangano lachiwirinso ndi omwewo. Lachitatu. Tsamba lonseli ndi omwewo, asintha ndi ogulitsa okha."

Palibe anaseka mokweza, poti apolisi analipo. Kunangomveka kutsokomola msika wonse, ndipo wogulitsa tomato anati fumbi lija silinafufuzidwebe.

Tisanamizane kuti Mfumu inakwiya chifukwa cha chilungamo. Inatembenukira kwa mlamu wake, kenako kwa nduna. "Mlamu wanga amagula mazana awiri. Iwe ukugula mazana asanu m'dziko langa lomwe lino, osandiuza. Ndiye kuti ndalama uli nazo zimene ine sindikuzidziwa."

"Mwini dziko, ndinkafuna kuwayesa alendowa, ndione mmene amabera anthu."

"Wawayesa. Lipira."

"Ndidzalipira mawa, Mwini dziko."

"M'dziko muno wonena kuti mawa ndine ndekha," inatero Mfumu.

Dalaivala anabweretsa galimoto chambuyo mpaka pabenchi, natsegula buti. Munali maenvelopu odzaza katoni, iliyonse yolembedwa kuti ndalama za maphunziro a lamulo latsopano, chigawo chachitatu. Matumba anayesedwa limodzilimodzi pa sikelo ya Anankhoma, ndipo lililonse linakwana makilo ake, chinthu chimene mlamu wa Mfumu sanachionepo chibadwire, moti anayang'ana kumbali. Mkulu wa mpingo ankatchula nambala, a Likagwa n'kumalemba, a Jekapu n'kumadinda. Olemekezeka ankang'amba maenvelopu okha, thukuta likudontha pa tayi.

Anangozo ndiwo ankawerenga ndalama, akunyowetsa chala ndi malovu. Atafika pakati anaima, nanunkhiza envelopu.

"Kodi izi si zathu zomwe zija za msonkho wa pamsika?"

"Werengani, mayi," anatero Anankhoma. "Zinapita kukaona kuphiri, zabwerako."

Zinakwana makobidi zikwi makumi awiri, osaperewera ngakhale limodzi. Anankhoma anagawira amayi khumi ndi mmodziwo pomwepo, aliyense za matumba ake, anthu akuona. Anangozo anamanga zawo pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri, n'kuchotsa dzanja pa sikelo.

"Benchilo ndimangolisirira," anatero. "Mlombwa wake ndi wabwino."

Kumbuyo kwa Anankhoma kunali kutayamba kale mzere wa ogulitsa a pangano lachiwiri, lachitatu ndi ena, mzere wokhota mpaka kuchimbudzi. Ana asukulu, poti palibe anawauza kuti zinthu zasintha, anayamba nyimbo yotamanda nduna. Mendulo inali itabwerera m'thumba la Mfumu.

Olemekezeka anaima pakati pa matumba awo makumi anayi. "Tsono ndichite naye chiyani nandolo yenseyu?" anafunsa, osayang'ana munthu.

"Mlamu wa Mfumu amagula, Olemekezeka," anatero Anankhoma. "Mazana awiri. Mufulumire, sabata yamawa akutsitsa."

Kenako, poti kasitomala wogula zambiri sachoka chimanjamanja, anatapa nandolo wodzaza manja awiri, namukulunga bwinobwino mu tsamba 174, n'kupereka atapinda mawondo.

"Ka basela aka, Olemekezeka. Pepalalo musataye. Lili ndi mawu."